Bezi ya Alamu Yopanda Mafuleti

Kuli mabanja ena ku Machinjiri amene mpaka lero sandipatsa moni, ndipo sindiwakakamiza. Koma inu amene munamva nkhaniyi kwa alamu anga a Namakhwa, munamva mbali imodzi. Imvaninso yanga.

Zinachitika zaka zija matipate atangolowa, aliyense akuyankhula za ufulu ngakhale mu minibasi. Alamu, amuna a achemwali anga, anali ndi kabandi koimba m'maukwati, ndipo ine ndinkaimba bezi. Gitalayo inali yawo, anabwera nayo kuchokera ku Joni, koma inkagona kwanga ku Zingwangwa. Bandiyo ndinkaikonda kuposa ntchito yanga ya m'sitolo, chifukwa kumeneko n'komwe anthu ankandiona ngati munthu.

Muyenera kudziwa mmene tinkaimbira. Mwa ife munalibe wodziwa dzina la kiyi. Alamu ankangokuwa kuti "Pachitatu!" kapena "Pachisanu!", ife n'kuwerenga tizitsulo topingasa pakhosi pa gitala, timene timati mafuleti, n'kuponda pamenepo ndi chala. (Musaseke, ndi mawerengedwe omwewo tinakwatitsa theka la Bangwe.)

Tsiku lina pa vidiyo shoo ku Ndirande ndinaona mkulu wina wakunja akuimba bezi yosalala khosi lonse. Chala chake chinkangotsetsereka, gitala n'kumadandaula ngati munthu. Ndinatengeka mtima. Ndinati ngati dziko lamasuka, zala zanga zalakwanji kuti zizikhalabe m'mipanda?

Kutatsala masiku ochepa kuti tikaimbe ukwati ku Machinjiri, ndinaika mpeni pambaula n'kubwereka pulaya. Fuleti loyamba linatuluka mwaulemu. Lachiwiri linatuluka ndi kachibenthu ka thabwa.

"Bambo a Chikondi, alamu akudziwa zimenezi?" anafunsa mayi akunyumba.

"Akadziwira kuukwati. Akandithokoza pagulu."

"Chabwino. Ine kumeneko sindipitako."

Nditazula onse, pakhosi panatsala timing'alu. Ndinasungunula makandulo, kusakaniza ndi utuchi, kumata, kenako n'kupala ndi sanipepa. Timizere toyera tinkaoneka ngati zipsera, ndiye ndinapaka polishi wakuda wa nsapato khosi lonse mpaka waliwali. Kuyesa sindinayese (ampu yokuzira mawu inali kwa alamu, komanso chinthu chokongola chotero chikanakana bwanji kulira?).

Loweruka linafika, dzuwa la Okutobala likuswa mtengo. Tenti inakwana alendo okha, ife abandi anatiika panja. Nditasolola bezi m'thumba, alamu anaiyang'ana nthawi yaitali.

"Alamu, mafuleti anga ali kuti?"

"Ali m'chitini kunyumba. Onse alipo, palibe lotayika."

Koma mkwati ndi mkwatibwi anali atafika pageti, operekeza atandanda kale kudikira masitepe awo. Masitepewo anawaphunzira potsatira bezi.

"Pachisanu!" anakuwa alamu.

Ndinayang'ana pakhosi. Pachisanu pati? Ponse panali bii ngati msewu watala. Ndinaponda pamene mtima unandiuza, mawu n'kutsika. Ndinatsetsereka kukwera, n'kupitirira. Kubwerera, n'kupitiriranso. Zimene zinatuluka m'masipika zinali kulira kwa ng'ombe yofuna mwana wake. Operekeza akutsogolo anaima, akumbuyo n'kuwaponda zidendene.

Apa n'kuti dzuwa litayamba ntchito yake. Phula la makandulo lija linasungunuka, polishi nayenso, zala zanga zonse n'kuda. Thukuta linandilowa m'maso, ine n'kupukuta ndi dzanja lomwelo, dzanjalo n'kulipukutira pa shati yoyera ya bandi. Azakhali a mkwatibwi anabwera atagwira m'chiuno.

"Bambo inu, pano ndi paukwati, si pamaliro. Ngati mwamwa, kagoneni."

"Mayi, uku ndi kuimba kwa masiku ano."

"Za masiku anozo mukaimbire kwanu. Ikani kaseti."

Anaikadi kaseti. Bandi yathunthu inakhala pamasipika n'kumaonerera mwana wa eniake akulowa ndi nyimbo ya m'wailesi. Zinandipweteka, sindinama, makamaka nditaona alamu atagwira chipewa m'manja, akupepesa anthu achilendo chifukwa cha ine.

Pobwerera anandiuza mawu ochepa. "Gitalayo tengani, ndakupatsani. Kubandi musabwerenso."

Achemwali anabwera kudzandinyengerera kuti ndikapepese. Ndinawauza kuti za kandulo ndi polishi ndipepesa, pamenepo panafunika guluu ndi vanishi, ndavomera. Koma zozula mafuleti ayi. Alamu anati kupepesa kwa theka salandira, ine ndinati kwathunthu ndilibe, ndipo mpaka pano tikadali pomwepo.

Bezi ija ndinaikonza, ndinaphunzira kuimba ndi khutu, ndipo ndimaimba bwino ndithu, ngakhale ondimva ndi mayi akunyumba okha. Loweruka likafika, ndikamva bandi ikuyesa masipika kwinakwake, mtima umawawa. Alamu anagula bezi ina, ndipo ndikapita kukacheza amathamanga kukaikiyira kuchipinda ndisanakhale n'komwe pansi. Amachita bwino. Tsiku lina ndinaisuzumira pawindo, ndipo mafuleti ake sangavute kuzula.