Tsiku limene ndinayeza bulugamu wa apongozi

Ndikamatsika minibasi pa Mhuju, pali anthu ena amene amayamba kuseka ndisanapereke n'komwe moni. Sindiwaimba mlandu. Ndinaziputa ndekha, ndipo lero ndati ndiulule ndekha nkhaniyi ena asanaithire mchere wambiri.

Kwathu ndi ku Dedza, koma ntchito inandiponya pa boma la Rumphi, komwe ndinakumana ndi Wezi. Titagwirizana zomanga banja, makolo ake anasankha Loweruka lina kuti amalume anga abwere adzakambirane za malowolo. Lachinayi la sabata imeneyo ndinapita kwawo ku Mhuju kukasiya mipando yapulasitiki ndi thumba la mpunga. M'minibasi Wezi anandilangiza.

"Ukapereke moni, ukayankhe zimene akufunse, basi. Adada sakonda munthu wolongolola."

Ndinavomera ndi mtima wonse (kuvomera sikundivuta ine, chimandivuta n'kusunga).

Bambo ake, a Mhango, ndi mphunzitsi wopuma komanso mkulu wa mpingo, munthu wovala jekete ngakhale popita kukhola. Tinawapeza kuseri kwa nyumba ali ndi a Nyirenda, ocheka matabwa, onse awiri maso ali m'mwamba. Panali bulugamu wamtali, wouma mbali imodzi, amene ankagwetsa nthambi mphepo ikawomba, ndipo a Mhango ankaopa kuti nthambi ina idzagwera alendo. Vuto linali kogwetsera. Uku nyumba, uku khola la ng'ombe, uku fodya wa aneba. Mbali imene inatsala ndi kumene kunali chimbudzi chatsopano, cha njerwa zootcha, malata onyezimira, chitseko chopaka penti wa buluu. Anachimangira alendo anga omwewo, ndipo chakale anali atachikwirira kale.

"Yayi adada, khuni ili n'litali chomene," anatero a Nyirenda akuloza mtengowo. "Mawa ndikwere kaye ndidule kunsonga, ndiye tigwetse."

A Mhango anausa moyo, chifukwa mawalo panali ntchito zina zambiri.

Apa m'pamene satana anandilowera, kudzera m'masamu. Pa mayeso a Fomu 4 phunziro limene ndinakhoza bwino linali limenelo, ndipo chichokereni kusukulu palibe anandifunsapo za ngodya kapena makona atatu. Nzeru zinkangondiwira m'mutu popanda kozigwiritsa ntchito. Tsono mtengo uwu, apongozi awa, mkazi wanga wam'tsogolo akuonerera, ndikanakhala chete bwanji?

"Pepani adada," ndinatero, "kutalika kwa mtengo tingathe kukudziwa popanda kukwera."

Wezi anandiyang'ana ndi diso lija loti ukapitiriza uona. Ndinayang'ana kumbali.

Ndinapempha pepala, ndipo mayi ake a Wezi anandipatsa pulogalamu yakale ya kutchalitchi. Ndinaipinda kuti ikhale ya makona atatu, mbali ziwiri zofanana, monga anatiphunzitsira ku Fomu 3. Ndinafotokoza mokweza, kuti ndi aneba omwe amve, kuti ngodya yake ndi madigiri 45. Ukaika pepalalo padiso n'kumabwerera chafutambuyo mpaka nsonga ya mtengo ilunjikane ndi mbali yaitali ya pepala, ndiye kuti pamene waimapo m'pamene nsongayo idzagwere. Ndinatsinzina diso limodzi n'kuyamba kubwerera. Ndinaponda mbale ya madzi a nkhuku, osasamala. Ndinakodwa mu chingwe choyanikira zovala, osasamalanso (munthu wa sayansi sacheukira zazing'ono). Nsonga italunjika ndinaima, n'kucheuka. Chitseko cha buluu chinali sitepe imodzi kumbuyo kwanga.

Ndinajambula mzere ndi chidendene. "Nsonga igwera apa. Chimbudzi sichikhudzidwa ngakhale ndi tsamba."

"Mwawerengera zonse, bambo?" anafunsa a Mhango mofatsa. "Palibe chotsala?"

"Zonse, adada."

A Nyirenda anakanda m'mutu. "Ine sukulu ndinalekera Sitandade 6, koma maso anga akukana."

"Maso amanama, a Nyirenda. Masamu sanama."

Mawu amenewa ndinawanena ine, ndi pakamwa pangapa, anthu osachepera khumi akumva, chifukwa aneba anali atayamba kusonkhana. A Mhango anagwedeza mutu kuti ntchito iyambe. A Nyirenda analiza makina awo ochekera, ine nditaima poteropo manja m'thumba, pepala langa likusuzumira pa thumba la shati.

Mtengo unalira, n'kupendekeka, n'kuyamba ulendo wake. Kunena chilungamo unalunjika bwino kwambiri, ndendende pa mzere wanga. Kungoti utafika pamzerepo sunathere pomwepo. Tinangomva phwaa! Malata anapindika ngati chitini chopondedwa ndi galimoto, khoma lakutsogolo linakhala pansi, ndipo chitseko cha buluu chinauluka n'kukagona m'munda wa aneba. Fumbi litatha, munthu woyamba kuyankhula anali mayi ake a Wezi, ndipo anangoti, "Mwe!"

A Mhango sanakalipe, ndipo bola akanakalipa. Anatola kamtengo n'kujambula pansi makona atatu aja. Kenako kunsi kwake anajambula kamunthu ka miyendo yaitali.

"Bambo, pepala lija munaligwirira pati?"

"Padiso, adada."

"Nanga diso lanu lili pansi?"

Zimene ndinayeza ine kunali kuchokera padiso langa kukafika kunsonga. Kuchokera padiso kufika pansi ndinayenera kuwonjezera ndekha, ndipo ine ndine wamtali moti m'minibasi amandikhazika kutsogolo. Masitepe awiri athunthu anasowa pa samu yangayo. Aphunzitsi athu a ku Fomu 3 ankazinena zimenezi mpaka mawu kusasa, koma ndinazikumbukira chimbudzi chili kale pansi.

"Adada anaphunzitsa masamu ku sekondale mpaka kupuma," Wezi anandinong'oneza.

"Bwanji sunandiuze?"

"Ndinakuuza kuti ukhale chete."

Apa mantha anandigwira enieni. Ndinaona kuti banja langa lathera pa njerwa zimenezi, ndipo miyendo inkandiuza kuti msewu suli patali. Koma ndikanathawa, Wezi ndikanadzamuyang'ana ndi nkhope iti? Ndinaimba foni kuntchito kupempha tchuthi, ndinavula shati, n'kuyamba kutola njerwa zimene zinapulumuka. Lachisanu lonse ndinaponda matope ndi kupatsira mmisiri njerwa, anthu odutsa akundifunsa ngati ndayeza kaye. Pofika Loweruka m'mawa khoma linali litangofika m'chiuno. Denga kunalibe, ndipo pakhomo tinatchinga ndi mphasa.

Amalume anafika atavala suti, atatopa ndi ulendo wautali. Atangolonjeredwa anafunsa mwaulemu kumene angakadzithandize.

"Aperekezeni bambowa," anatero a Mhango akuloza ine. "Ndi amene akuidziwa bwino mbiri ya malowo."

Ndinawaperekeza, n'kuwadikira chapatali. Potuluka nkhope inali itasintha.

"Mphwanga, wafufuza bwino banja limeneli? Mphunzitsi wathunthu, chimbudzi chopanda denga? Ndakhala m'menemo ndikupatsana moni ndi anthu opita kudimba!"

Ndinawauza zonse pomwepo, pafupi ndi chitsa. Amalume ndi munthu wodziwa kukambirana, ndipo njira yonse ankakonzekera kulimbana ndi a kuchikazi mawu ndi mawu. Tsiku limenelo sanatsutse kanthu. Chilichonse chimene a kwa Mhango ananena, iwo ankangoti, "Yewo, yewo chomene," kuthokoza kwa Chitumbuka, mawu okhawo amene anaphunzira m'minibasi.

Ine ndinali panja, kudikira chigamulo. Zimene a Mhango ananena ndinazimva kwa amalume pambuyo pake. Akuti anati, "Mwana wanuyu masamu ake ngoperewera. Koma atagwetsa sanathawe, ndipo dzulo lonse anali m'matope. Wathuyu mutengeni."

Ndinakhala pachitsa chija n'kulira pang'ono, osanama.

Ukwati unachitika, denga ndinakhoma sabata yotsatira, ndipo apongozi anga timagwirizana kwambiri, kungoti pakhomo pawo sandilola kuyeza ngakhale mzere wa mbatata. Ine mpaka lero ndimalimbikirabe kuti njira yanga inali yolondola, ndinangophonya ndi masitepe awiri okha. Wezi amangoyankha kuti m'masitepe awiriwo ndi mmene munali chimbudzi.