Tsiku limene ndinabzalitsa boma mtengo wopanda mizu

Ku Ulongwe kuno alipo anthu amene amanditchula katswiri wa mitengo. Ndikamva choncho ndimayang'ana pansi, iwo n'kumati mnyamatayu ndi wodzichepetsa. Si kudzichepetsa ayi, ndi manyazi. Ukatswiri umenewu ndinaupeza tsiku limene ndinayenera kuchotsedwa ntchito.

Nditamaliza kurusu yanga ya zachilengedwe ku Tete, ndinakhala pakhomo nthawi yaitali ndikuthandiza amayi kukumba mbatatesi, mbatatesi zomwezo zimene anandiphunzitsira. Anthu anayamba kufunsana ngati sukulu ya zachilengedwe imaphunzitsa kugwira khasu basi. Ndiye empereza ina, kampani yogula fodya, itandiitana, amayi anakapereka Misa yothokoza ku Fonte Boa ndisanaone n'komwe mpando wanga. Anandilemba mongoyeserera. Ndikachita bwino, kontaratu. Ndikalephera, kubwerera ku mbatatesi, kapena kukanyamula matumba a eni pa njinga kumalire ku Kalomwe ngati anzanga ena amene tinkakhala nawo m'kalasi.

Ntchito yanga inali kuonetsetsa kuti mitengo imene alimi amadula pomanga zigafa ikubwezeredwa, komanso kuti empereza ikutsata malamulo a boma. Anandipatsa tebulo lapakona, koleti yobiriwira yovala pamwamba pa malaya, yolembedwa kumsana kuti TISAMALE MITENGO, ndi malangizo a ashefi anga, bambo wosaseka wambawamba. "Kuno mtengo umene sunajambulidwe sunabzalidwe," anatero. "Ku Maputo saona masamba, amaona foto."

Ndinayamba ndi moto. Lamulungu lina ndinapempha a Padiri kanthawi Misa itatha, ndipo ndinadzudzula odula mitengo mpaka amayi akwaya anayambitsa nyimbo kuti ndikhale pansi. (Amene anawomba m'manja ndi amayi anga okha, koma anawomba mokwanira mpingo wonse.)

Mayeso enieni anabwera mvula itakhazikika. Empereza inakonza mwambo wobzala mitengo m'mudzi wina kupitirira Fonte Boa, ndipo mlendo wolemekezeka anali a Dotora ochokera ku boma ku Tete, mayi amene amakhala nawo pokonza malamulo a zachilengedwe. Alimi anali atabzala kale mbande zawo, kunangotsala dzenje limodzi la mlendo. Ine ndinasankha mbande ya mbawa yokongola kuposa zonse, ndinaiika pawindo la ofesi, n'kumaipukuta masamba ngati mwana wopita ku ubatizo. Ashefi anandiuza poyera: "Mwambowu ukayenda bwino, Lolemba musaina kontaratu."

M'mawa wa tsikulo galimoto inaima pakhomo pa ofesi.

"Ikani kamtengo kanu kumbuyoko, mukwere," anatero ashefi.

"Pepani ashefi," ndinayankha ndikukonza galavata, tayi wanga, pakhosi, "munthu wa zachilengedwe sangapite kokabzala mtengo akufukiza utsi. Ine ndipita pa njinga, anthu aone chitsanzo."

Anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kunsapato. "Chabwino, a chitsanzo. Ife tidikira alendo, tikakupezani konko."

Ndinamanga mbande pa kaliyala, ndinavala koleti pamwamba pa fatu, suti yanga, ulendo. Ndinkapalasa modzimva, ndikuyang'ana ngati anthu akuona chitsanzocho. Nditatsala pang'ono kufika ku misiyawu, mishoni ya ku Fonte Boa, ndinaona masamba atayalidwa pamsewu. Maliro. Ndinatsika pa njinga monga mwa mwambo, ndikuganiza kuti ndingokankha mwakachetechete mpaka ndidutse. Koma koleti yobiriwira sibisika. Ndinangomva dzanja pamkono, kucheuka, ndi amalume anga a Zakariya.

"Mukudutsa? Amene agona m'nyumbamo anakunyamulani inu muli khanda. Anthu adzati ntchito yamulowa m'mutu."

"Amalume, ndili ndi alendo a boma."

"Boma lidzabwera kudzakukumbirani manda? Khalani pansi pang'ono, mupepese."

Maliro salambalala, zimenezo ndimazidziwa. Ndinatsamiritsa njinga pa nkhokwe n'kukakhala pakati pa azibambo. Nditangokhala, akatekisita anaimirira n'kuyambitsa kolona. Tonse tinagwada. Ndipo ndili chigwadire choncho, ndinaona mbuzi yaikazi yamawangamawanga ikuchokera kuseri kwa nkhokwe, ikuyenda ngati yaitanidwa. Inanunkhiza tayala, inanunkhiza chishalo, kenaka inaika miyendo yakutsogolo pa kaliyala.

Abale anga, kodi munthu n'kudzambatuka pakati pa kolona ya maliro kukathamangitsa mbuzi? Ndinatsokomola. Mbuzi inandiyang'ana, n'kupitiriza. Ndinatola kamwala, amalume anandigwira dzanja osatsegula n'komwe maso. Tikuoneni Mariya aliyense ankapita ndi tsamba lake. Pofika kumapeto, pa kaliyala panatsala kachitsa kotalika ngati chala, ine misozi ili mbwembwembwe. Bambo wina amene anagwada pafupi anandisisita pamsana. "Limbani mtima, achimwene. Sitinkadziwa kuti munkagwirizana chotere ndi malemu."

Ndinatsanzika, ndinakwera njinga, mutu uli ziii. Kubwerera ku Ulongwe kukatenga mbande ina kunali kutali. Kukazula imodzi mwa zimene alimi anabzala, anthu anali atadzaza kale pamalopo. Apa m'pamene Satana anandionetsa mpanda wa mabulosi m'mbali mwa njira, nthambi zake zili biriwiri. Ndinayang'ana uku ndi uku. Ndinazula kachitsa ka mbawa n'kukataya kutchire (lero ndikudziwa kuti kakanaphukanso, koma tsiku limenelo sukulu yonse inali itandithawa), ndinathyola nthambi, n'kuizika m'kathumba kapulasitiki kaja. Nzeru yanga inali yakuti foto ikangojambulidwa, mawa ndidzabwera ndekha kudzasintha.

"Tatembenukani, bambo."

Anali a Nangozo, eni mpandawo, mmodzi wa amayi akwaya aja, khasu lili paphewa.

"Tatembenukani ndiwerenge bwino kumsanako. Maso anga ndi okalamba."

Ndinatembenuka. Anawerenga mokweza, chilembo ndi chilembo, ngati mwana wa kalasi yoyamba.

"Si inu munatilalikira mpaka mawondo kuwawa? Pitani, mwachedwa. Koma Lamulungu mubwere, tili ndi nyimbo ina yatsopano."

Ndinafika thukuta lili kamukamu, alendo atakhala kale pamipando. Panali magule, panali zolankhula, ndipo ashefi anauza anthu kuti mlendo wathu abzala mbawa, mtengo umene adzaupeze adzukulu athu. Ine ndinabwera ndi kathumba kanga nditakafungatira kuti masamba asaoneke bwino, ndikupemphera kuti a Dotora akhale ngati alendo ena amene amangogwira mtengo ndi nsonga za zala, ena n'kuwakwiririra.

A Dotora sanali otero. Anamanga kapulana, chitenje chawo, m'chiuno, anagwada m'matope, n'kunena kuti, "Tiyambe tachotsa pulasitiki, anthu aone mmene timasamalira mizu." Anang'amba kathumbako. Dothi linagwa lonse nthawi imodzi. M'manja mwa boma munatsala kamtengo kothyoledwa, kumunsi kwake kuli mbuu, kopanda ngakhale muzu umodzi wonamizira.

Wojambula yekha ndi amene anapitiriza ntchito yake. Ashefi sindinawayang'ane, koma ndinkawamva kumbali kwa nkhope ngati moto wa njerwa. M'mutu mwanga ndinali nditayamba kale kusankha mawu okauza amayi, ndipo chimene chinkandiwawa kwambiri ndi Misa ija.

A Dotora anayang'ana kamtengoko, anayang'ana ine, ndipo ndikhulupirira anaona zonse, ngakhale mbuzi imene. Kenaka anaimirira n'kukweza nthambiyo m'mwamba.

"Amayi ndi abambo, mwaona? Ife ku ofesi timakhalira kukangana za ndalama zogulira timatumba ndi mbewu. Mnyamatayu watikumbutsa kuti ilipo mitengo ina, monga mabulosi awa, imene mungothyola nthambi n'kuzika. Simudikira galimoto ya empereza, simudikira boma. Alipo pano amene alibe mabulosi pafupi?"

Anthu anayang'anizana, chifukwa zimenezi amazidziwa chibadwire, koma kuzimva kuchokera pakamwa pa boma zinawakomera. Nthungululu zinalira. A Dotora anazika nthambi ija, anatsendera dothi ndi manja awo, anathirira, foto inajambulidwa.

Anthu akubalalika anandikodola.

"Mbawa ija ili kuti?"

"Yadyedwa pamaliro, a Dotora."

Anatseka pakamwa ndi kapulana, mapewa akugwedezeka. Atapuma anati, "Mwana wanga, nanenso ndinayamba ntchito ndili ndi mantha ngati anuwa. Kwa anthu ndakutchingirani. Kwa shefi wanu mukadziulule nokha, ine sindinena kanthu. Koma mumve: mtengowu ukauma, wonama pamaso pa anthu onsewa ndikhala ine. Ntchito yathuyi mabodza ake amaoneka chilimwe."

Lolemba ndinalowa mu ofesi ya ashefi, ndipo ndinafotokoza zonse, kuyambira masamba apamsewu mpaka mpanda wa a Nangozo. Anamvetsera osaphethira. Nditamaliza anatembenuza foni yawo kundionetsa. Ku Maputo foto ija anali ataikonda kwambiri, ndipo ankafuna kuti njira yatsopanoyi iphunzitsidwe kwa alimi onse.

"Ndinadziwa pomwe paja kuti mwachita zauchitsiru," anatero. "Ndimadikira kuti ndione ngati mubwera nokha. Mukanalowa muno n'kumadzitama ndi njira yatsopano, bwenzi pano mukupalasa kubwerera kwanu. Sainani apa."

Ndinasaina mothamanga asanasinthe maganizo, moti siginecha ya pa kontaratu yanga sifanana ndi ina iliyonse imene ndinalembapo.

Nthambi ija ndinaisamala kuposa mmene ndimadzisamalira. Ndinaitchingira ndi minga, ndinkapitako Loweruka lililonse, chilimwe ndinkaitungira madzi kudambo anthu akundiseka. Masamba ake oyamba anafota n'kugwa, ine n'kuonda nawo limodzi. Tsiku limene ndinapeza timaso tobiriwira titatuluka, ndinakhala pansi pomwepo n'kuthokoza Mulungu mokweza, osasamala odutsa. Lero ndi mtengo ndithu, ndipo ana a m'mudzimo amayenda milomo ili bii nyengo ya zipatso.

A Dotora ndimakumana nawo kamodzikamodzi kumisonkhano ku Tete, kumene tsopano nanenso amandifunsa maganizo pa malamulo obwezeretsa mitengo. Sanauzepo munthu. Akamandidziwitsa kwa anzawo amangoti, "Awa ndi katswiri wathu wa nthambi," nkhope ili bwinobwino. Mayi ameneyu akanatha kundimaliza ndi mawu awiri, ndipo sakanalakwa. Anasankha kundibereka kumsana, ine munthu wosamudziwa, ndipo chilichonse chimene ndadya pa ntchito imeneyi ndimachiwerengera kwa iye.

Kaya ndinaphunzirapo kudzichepetsa, zimenezo afunseni akazi anga. Chimene ndikudziwa n'chakuti masiku ano ndili ndi achinyamata amene ndimawayang'anira, ndipo akandiitana kukaona mitengo imene abzala, ndimayamikira, ndimajambulitsa nawo foto, kenaka ndimawerama n'kuukoka pang'ono mtengo uliwonse. Iwo amati ndi njira ina ya ukatswiri, ndipo ndamva kuti ena ayamba kutengera.