Alamu Anyamuka Loweruka

Lolemba, 11 Juni 2007

Msana wanga, mayo! Sabata yachitatu tsopano ine ndi bambo a Chisomo tikugona pansi pabalaza, Chisomo pasofa, kuchipinda kwathu kuli alamu. Alamuwa ndi achimwene awo a bambo a Chisomo, amakhala ku Mangalande. Anabwerera maliro a apongozi aamuna, amene tinakaika kumudzi ku Dedza. Pobwerera anangoti, "Ine ndikhala kwa mng'ono wanga ku Kawale." Munthu wotsika ndege ungamuyalire mphasa? Tinawapatsa bedi. Bedi langa, la matilesi atsopano.

Juni uno simenti ikuzizira ngati m'firiji.

Koma Loweruka anyamuka! Ndege ya masana. Aleluya!

Zoti ndichite:
kukagayitsa ufa woti atenge
usipa wouma, kambuzi, mtedza
kuchapa nsalu za pabedi, kuyanika matilesi padzuwa
Loweruka madzulo kugona chotambalala, wina asayerekeze kundidzutsa

Lero adandaula kuti madzi osamba sanatenthe bwino, komanso kuti tambala wa aneba amalawirira kulira. Akatero amati, "Sore mlamu." Chilichonse sore. Msana wanga sukumva sore.

Panopa ali pakhonde, akuuza anyamata a m'dera muno: "Ine kumene kuja si mlendo ayi. Ndili ndi chidindo chokhalira mpaka kalekale, ndimangolowa ngati kwathu." Pitani ndithu kwanuko, alamu, muyende bwino.

Lachiwiri, 12 Juni

Ndawaperekeza ku Old Town kukatsimikiza tikiti. Sindikufuna kumva kuti anasochera n'kuphonya Loweruka.

Mayi wa pa ofesi ya matikiti akutsegula pasipoti, tsamba ndi tsamba. "Bambo, chidindo chokhalira kumeneko chili kuti? Popanda chimenecho ndege simukwera, ndipo kumeneko sakakulowetsani." Alamu kuseka. Akuti chidindocho chili m'pasipoti yakale, imene inatha ntchito, yodulidwa pakona. Ziwirizi zimayenda limodzi, amazimanga ndi mphira. "Ili m'sutikesi, mayi, musadandaule."

M'sutikesi mulibe.

M'chikwama mulibe. Pansi pa pilo palibe. Chomwe chapezeka ndi mphira yokha.

Sindinadye madzulo ano.

Lachitatu, 13 Juni

Nyumba yonse taitembenuza. Zomwe tapeza:
sipuni yanga imene inasowa chaka chatha
khadi la kusikelo la Chisomo
khoswe wouma kuseri kwa kabati
Pasipoti ayi.

Alamu ayamba kuyankhula mozungulira. "Kawale ndi Kawale basi, anthu amangolowa n'kutuluka." Iii! Ndiye akuba ndife? Munthu ndikukuphikira, ndikukutenthetsera madzi, ndakupatsa bedi langa! Ndipo m'Malawi muno mulibe munthu amene akufunitsitsa kuti pasipotiyo ipezeke kuposa ine.

Mayi a Dalitso, aneba athu, akuti ku Mgona kuli mneneri amaona zotayika m'beseni la madzi. Ndinatsala pang'ono kuvala nsapato.

Madzulo wafika wojambula wa panjinga, amene tinapita naye kumudzi, ndi zithunzi za kumaliro. Tikupatsirana. Apa amayi a kutchalitchi akuimba, apa nkhata, apa apongozi ali m'bokosi, atavala jekete yotuwa yokongola zedi. Alamu atenga chithunzicho. Ayang'ananso, achibweretsa pafupi ndi mphuno. Kenaka akhala pansi, pasimenti penipeni.

Ndakumbuka! Tsiku loika lija, adzukulu akuveka thupi, alamu anavula jekete yawo anthu onse akuona. "Bambo anga sangapite ndi jekete ya pakaunjika ine ndilipo!" Mudzi wonse unayamikira. Pasipoti yatsopano anali ataichotsamo dzulo lake pokasintha ndalama. Yakale inatsala m'thumba lam'kati.

Kalanga ine! Chidindo chili kumanda.

Lachinayi, 14 Juni

M'mamawa abale awiriwa akwera minibasi ya ku Dedza kukapempha nzeru. Ine mumtima: lero lokha, katulo ka masana pabedi langa. Ndifike pachitseko, chokhoma. Kiyi apita nayo. M'nyumba mwanga!

Abwera madzulo fumbi lokhalokha, nkhope zakugwa. Bambo a Chisomo akufotokoza zomwe amva.

Mkulu wa adzukulu: "Ife tinaphunzira kukwirira. Zofukula kafunseni afisi."

Amalume awo: "Zimenezo mpaka apolisi, akhoti, adokotala. Ndipo mukatero m'mudzi muno musadzapondemonso."

Apongozi aakazi: "Wofuna kukhudza manda a amuna anga ayambe wakumba anga." Ndiye akuti anaseka, koyamba chichitikireni maliro. "Mwana anachona uyu. Bambo ake amugwira mwendo."

Ine ndangofunsa, mwaulemu ndithu, kuti kodi dzenjelo linali lakuya bwanji. Mmene andiyang'anira bambo a Chisomo, sindidzafunsanso.

Lachisanu, 15 Juni

City Centre, ku ofesi ya kazembe wa dziko lawolo. Mzere kuyambira kugeti. Ndapita nawo, ndingakhale bwanji pakhomo nkhani ili ya bedi langa?

Mtsikana wa pawindo ndi Mmalawi mnzathu. Wamvetsera nkhani yonse osaseka, Mulungu amudalitse. Akuti zimatheka kupatsidwa chilolezo chobwererera, koma pafunika:
kalata ya kupolisi
zithunzi
umboni woti amakhaladi kumeneko, monga kalata ya kuntchito, mapepala a nyumba ndi a magetsi
fomu ya masamba ambirimbiri, ndi malipiro ake

Mapepala onsewo ali ku Mangalande. Mwini wake ali ku Kawale.

Alamu afunsa kuti zitenga nthawi yaitali bwanji. "Masabata, bambo. Mwina miyezi. Sitilonjeza." Miyezi! 

Kupolisi nako. Wapolisi akufunsa, cholembera chili m'manja. "Yabedwa?" Ayi. "Yatayika?" Eya. "Ndiye simukudziwa komwe ili?" Tikudziwa. Waika cholembera pansi. "Nanga bwanji osakatenga?" Atamva zonse waitana anzake awiri kuti adzadzimvere okha. Kalata walemba ndithu, koma akupukuta misozi ya phwete.

Panja dobadoba wina watilondola mpaka pasiteji. "Biggie, chidindo chilichonse timasema. Timasema pachidendene cha nsapato basi, mawa m'mawa mudzatenga." Alamu akana, akuti kumeneko amaunika ndi makina, munthu ukhoza kukathera kundende. Ine pakamwa panayabwa kuti ndifunse zambiri. Ambuye mundikhululukire.

Loweruka, 16 Juni

Masana kwadutsa ndege m'mwamba. Kaya ndi yomweyo kaya ndi ina, tonse tatuluka kukaiyang'ana. Alamu aima pafupi ndi chingwe choyanikira zovala mpaka yazimiririka.

Akazi awo aimba foni kuchokera kumeneko. Ndili kukhitchini koma ndamva zonse. "Jekete! Anakutumani ndani?" Mapepala akuti atumiza mtima ukatsika. Kuntchito akuti adikira pang'ono chabe, akachedwa alemba wina. Ana akufunsa kuti adadi abwera liti.

Ndikupita kukataya madzi kuseri kwa nyumba, ndawapeza alamu akulira. Bambo wamkulu, wa imvi m'ndevu. Akuti ntchito yawo kumeneko ndi yosambitsa ndi kudyetsa nkhalamba za eni ake, koma bambo awo owabereka anadwala mpaka kumwalira iwo osawasambitsako ngakhale tsiku limodzi. Jekete ija ndi chokhacho anatha kuwachitira. "Ndikanadziwa, mlamu, ndikanangochotsamo pasipotiyo. Jekete ndikanaperekabe."

Zandimvetsa chisoni, kunena zoona. Nanenso ndalira pang'ono. Madzi osamba ndawatenthetsera mpaka kuwira, adandaula kuti atentha kwambiri.

Usipa wa paulendo uja taphika lero. Ufa nawo tautsegula.

Lamulungu, 17 Juni

Kutchalitchi abusa apempherera "banja limene lili ndi mlendo." Alamu aimirira, anthu awomba m'manja. Akwaya awalemba kale dzina, akuti amasowa wa besi.

Tikufika kunyumba, pakhonde pali mtolo wa zovala, thumba la mbatatesi, nkhuku yomanga miyendo, ndi apongozi aakazi atatambalala. "Ndamva kuti mwana wanga akhalitsa. Ndabwera ndidzamuone bwinobwino ndisanafe. Ndidzabwerera tsiku limene adzanyamuke."

Takulandirani, amayi. Ndagwada, ndalandira nkhuku.

Ndiye nkhani ya malo ogona. Mwana wamwamuna sagona chipinda chimodzi ndi amayi ake, aliyense amadziwa. Akambirana okhaokha pachibale, ine ndili kotentha madzi, ndipo agwirizana msangamsanga. Amuna kwaokha, akazi kwaokha. Bambo a Chisomo anyamula pilo wawo, alowa kuchipinda kukagona ndi achimwene awo. Pabedi langa. Polowa sanandiyang'ane n'komwe.

Pabalaza tatsala ine, Chisomo, apongozi, ndi nkhuku m'dengu poopa akuba. Kuchipinda ndikumva abale awiri akuseka, akukumbutsana za kuubwana.

Apongozi akuti simenti ya m'tauni imazizira, ndiwabwereke bulangete langa.

Ndawapatsa.