Nyerere za pa Phale la Bambo a Marita

Lolemba

Sitima ya panyanja ya mishoni yapita kummwera, ine yandisiyira ntchito. Adona a chipatala amene amayenda nayo anawaona amuna anga, bambo a Marita, dzulo. Ludzu losathali, kuondaku, kuthamangira kuseri kwa nyumba kosalekezaku, akuti ndi shuga wachuluka m'thupi. Achimwene awo anayambanso chomwechi, tinawaika m'manda chaka chimene Ajeremani anadutsa kuno. Ndikakumbukira ndimachita mantha.

Pepala andipatsa ine, poti ndine ndinapita ku sukulu ya atsikana. Amuna anga amawerenga mphepo ndi nyanja basi. Pepalalo likuti:

1. Uchi, nzimbe, thobwa, nthochi zakupsa: ayi.
2. Kondowole: wochepa, wofanana ndi chibakera cha mwini wake.
3. Nsomba ndi chigwada: mmene angafunire.
4. Kuyang'ana mapazi tsiku lililonse, kuopa zilonda.
5. M'mawa, mkodzo pang'ono m'phale, kuika pabwalo. Nyerere zikaunjikana, ndiye kuti shuga akadali wambiri.

Sitima ibwerera Lamulungu. Nyerere zikadzakhala zikubwerabe, amuna anga akwera, miyezi iwiri kuchipatala cha kuchilumba. Pamene usipa wayamba kumene! Bwato latsopano lisanalawe n'komwe madzi akuya! Sizitheka. Sabata ino kapitao ndine.

Phale loyamba lili bii ndi nyerere. Akufunsa kuti za phalezi n'zotani. Ndati, "Adona atero. Inu muzingochita."

Lachiwiri

Nzeru yandibwerera m'mawa. Mwamuna sadyera kwake kokha. Ndikamuletsa pano, akadya kwa anzake. Ndiye ndiphunzitse mudzi wathu wonse wa Chiwanga!

Pamchenga, pomwe akazi akuyanika usipa, ndawerenga pepala katatu. Pakhomo la tchalitchi kawiri. Sipai, msilikali wa Kampani yolamulira dziko lino, amene wachokera ku Mtengula ndi nkhani zake zina, nayenso ndamuimitsa, wamva malamulo onse asanu, wachoka akuyang'ana mapazi ake. Lero ndadzimva kuti ndine mphunzitsi weniweni.

Masana ndikuyeza kondowole. Bambo a Marita akunga zibakera ziwiri, aziphatikiza. Akuti adona sananene kuti dzanja liti.

Nyerere zikadalipo, koma ndikuona ngati zachepa. Kapena ndi maso angawa ofuna zabwino.

Lachitatu

Mayo ine! Ndinaiwala chinthu chimodzi: kwathu kuno wodwala sazondedwa chimanjamanja. Mudzi wonse wamva kuti bambo a Marita akudwala, ndipo mudzi wonse wabwera. Zimene zalowa pakhomo pano lisanafike dzuwa pamutu:

nzimbe, mitolo iwiri
nthochi, mkoko wathunthu, zakupsa bwino
thobwa, mtsuko
mbatata zowotcha, sindinawerenge

Chigwada palibe wabwera nacho. Akuti kupatsa wodwala masamba n'zamanyazi. Aliyense akuyamba ndi kunditamanda kuti ndinaphunzitsa bwino dzulo, kenako akuti, "Imodzi yokha siingaphe munthu."

Wodwalayo, amene dzulo lomweli amakoka khoka, lero ali gone pamphasa, akubuula mwaulemu, dzanja lili tambasu.

Kubweza mphatso sindingathe, ndingaloze kuti nkhope m'mudzi muno? Ndiye ndikulandira ndi manja awiri, ndikuthokoza, ndikupita nazo kuseri. Zina ndikubisa, zina ndikudya ndekha kuti iwo asazipeze. Nthochi zisanu ndi ziwiri. Mimba ikundipota, koma ukwati ndi umenewu.

Lachinayi

Phale loyera! Nyerere imodzi yafika, yanunkhiza, yabwerera. Ndavina pabwalo ndekha, nkhuku zikundiyang'ana. Ndaimba nyimbo ya Pasaka ngakhale si nyengo yake. Ndikadakhala ndi njira ndikadaitana sitima ibwere lero lomwe.

Masana kwafika azakhali awo ochokera ku Maniamba. Atsika phiri lonse lija wapansi, chipanda cha uchi chili pamutu. Kungowaona amuna anga, mawu oyamba: "Mwana wa mlongo wanga wauma chonchi, mkazi ali pomwepa?"

Ndawaonetsa pepala. Aligwira chozondotsa, aliyang'ana nthawi yaitali, andibwezera. "Uchi ndi mankhwala. Njuchi zinayamba kale Azungu asanabwere."

Atapita kukasamba, chipanda ndachibisa pansi pa khoka lakale lomwe lakhala long'ambika chaka chathunthu. Pamenepo palibe amagwirapo.

Lachisanu

Phale loyeranso. Ndikuwerama kuti ndilione bwino ntchito ya manja anga. M'kati muli kamwana ka nsomba. Kamoyo. Kakusambira!

Masiku awiri ndakhala ndikuvinira madzi a m'nyanja.

Ndapita nalo kwa eni ake. Ndati, "Bambo a Marita, adona sanandiuze kuti matendawa amatulutsa nsomba." Akanda m'mutu. "Mwina ndinakameza dzulo posamba." Ndimafuna kukalipa, koma ndaseka mpaka kukhala pansi. Kenako ndapita kuseri kwa nkhokwe n'kukalira pang'ono, poti ndaonanso mmene nthiti zawo zikuonekera.

Che Saidi, mnzawo wa malonda, afika atachoka ku mzikiti. Abweretsa sukari wochokera kunyanja yamchere, wokulunga m'kansalu, akuti ndi wa tiyi wa wodwala. Ndathokoza. Ndilibenso pobisa.

Ndipo lero, mwa masiku onse, amuna anga aganiza zosoka khoka lakale lija. Akhala pamenepo mpaka dzuwa kupendeka. Khoka silinasokedwe, koma ndevu zikunyezimira.

Loweruka

Ndiwerenge zimene zatsala pa ukapitao wanga.

Lamulo loyamba lafa, tilibe ndi pomwe tinaliika. Lamulo lachiwiri, azakhali alanda mthiko, ndipo akuyeza ndi mutu, osati chibakera. Lachitatu lokha ndiye likuyenda bwino, usipa bambo a Marita akudya ngati mphaka. Lachinayi, ndikati ndigwire phazi akuthawa, akuti ndikuwagirigisha. Lachisanu, nyerere za dziko lonse zasamukira kwathu chifukwa cha makoko a nzimbe. Zili paphale, pamtondo, pamphasa, m'buku langa la mapemphero, ngakhale papepala la adona. Ndidziwa bwanji kuti zafunira chiyani?

Akazi akudutsa akundipatsa moni, "Mwaswera, adona!" Ndikuyankha. Nanga nditani?

Lamulungu

Ndadzuka ndilibe mphamvu yolondera munthu. Phale sindinalifunse. Ndangoona amuna anga alinyamula okha, apita nalo kutali, pamwala wa kuseri kwa manda kumene kulibe makoko a nzimbe. Abwerako, angoti, "Lada ndi nyerere."

Sitima yalira tikutuluka m'tchalitchi. Amuna anga akupinda mphasa yawo, kenako akuti, "Amake Marita, kodi pepala lija limati chiyani kwenikweni?"

Ndatsegula pakamwa kuti ndinene kuti ndinawauza. Sindinawauze. Akazi a pamchenga ndinawawerengera, sipai ndinamuwerengera, azakhali ndinawaonetsa. Iwowa ndimangoti adona aletsa.

Takhala pakhonde. Ndawerenga pang'onopang'ono, iwo akupinda chala pa lamulo lililonse. Ndawauzanso kuti ndi matenda omwe aja anatenga achimwene awo. Kenako akuti, "Ine ndimayesa wandikwiyira chifukwa cha bwato lija ndinasema osakuuza."

Anyamuka, atenga chipanda cha uchi, theka latsala, akachipereka kwa azakhali ndi manja awiri. "Zikomo azakhali, koma uwu ndi umene ungandiike pafupi ndi achimwene." Azakhali, amene ine sanandimvere masiku atatu, angoti, "Ukadanena kale, mwanawe."

Amuna anga akwera sitima. Miyezi iwiri. Usipa udutsa, bwato likhala pamchenga, chabwino. Pepala alitenga, alipisa m'thumba la malaya, ngakhale sawerenga. Sitima ikuchoka andikwezera dzanja, zala zonse zisanu, n'kuloza phazi lawo, akuseka.

Ndatsala ndi azakhali ndi nzimbe mtolo umodzi. Mudzi wonse ndinauphunzitsa Lachiwiri. Mwini matenda ndamuphunzitsa lero, mphasa atapinda kale.