Zikhomo za a Dokotala

Lolemba
...ndiye a Dokotala akungondiveka jasi loyera pamaso pa komboni yonse! Zuze, mnzanga wa ku Tete uja amathirira m'dimba, nsanje mpaka kutsokomola. A Dokotala a Mai Chikomo achokera kuyunivesite ku Harare. Amaphunzira tinthu ta m'kati mwa mbewu tomwe timachititsa kuti mwana afanane ndi kholo. Pafamu pano pa Macheke abzala mabedi 40 a matimati. Amatapa mungu pa duwa ili n'kupaka pa duwa ilo, akufuna matimati osaopa chiwawu. Chaka chachitatu chino. Akuti ndikawasamalira bwino mpaka adzabwerenso Loweruka, andilemba ntchito ya kusiteshoni yawo ya kafukufuku. Akutinso matimati atsopanowo adzatchedwa dzina langa. Malangizo: thirira, pirikitsa mbuzi, "Sekuru, musakhudze zikhomo." Sekuru ndine, ndi mmene amaitanira madala kuno.

Lachiwiri
Ndikuyendera mabedi, manja kumbuyo. Zikhomo zili ndi manambala. 14, kenako 3, kenako 37! Munthu wopita mpaka kutsidya la nyanja, kuwerenga kukumuvuta? Ine wa Sitandade 3 ndikumuchitira manyazi. Ndikuzula zonse. Ndikuzika bwinobwino, 1 mpaka 40, zowongoka ngati apolisi pa perete. Zuze akuti, "Achimwene, si paja anati musakhudze?" Ndikumuuza kuti zimenezo amauza anthu osadziwa nambala.

Lachitatu
Amake Rozi achapa jasi. Akundifunsa ngati kusiteshoni kuli nyumba ya magetsi. Ndikuti magetsi mpaka m'khola la nkhuku. Zopita nazo: wailesi, njinga, bedi, amake Rozi. Pabhawa onse akunditcha Pulofesa. Sindikukana.

Lachinayi
A mabhalani, alembi a pafamu, abwera kudzaona munda. Akuima, akuvula magalasi. "Maiwe! Mwatani apa?" Akuti a Dokotala amasakaniza dala manambala, kuti mtundu wina usadyerere nthaka yabwino pawokha. Nambala ndiyo imanena bambo ndi mayi wa bedi lililonse. Tsono panopa matimati onse ndi ana amasiye. Jasi likutentha.

Lachisanu
Ntchito yobwezeretsa. Ndikukumbuka 14, 3, 37. Zatsala zikhomo 37. Njira zomwe ndayesa:
kununkhiza masamba, onse fungo limodzi;
kulawa zipatso, m'mimba mwayamba kulira pofika bedi la 9;
kufunsa Zuze, akuti iye amangoona mizere yokhotakhota;
kupemphera.
Pomaliza ndikungosakaniza mwachisawawa. Kusakaniza n'kusakaniza, adziwa bwanji?

Loweruka
Adziwa asanatseke n'komwe chitseko cha galimoto yawo ya Pejo. Akutulutsa kope. Kumbuyo kwake kuli mapu a mabedi onse, ojambula ndi pensulo! Sakukalipa ayi. Akuwerenga manambala, Zuze akuzika, ine ndagwira ambulera. Akundifunsa mofatsa: "Sekuru, munathyolapo?" Ndikuti pang'ono, chifukwa cha sayansi. Mabedi 9, zipatso zomangidwa ulusi wofiira, zomwe amasungira mbewu. Akukhala pa chidebe. Akuti maluwa alipobe, apakanso mungu, koma miyezi iwiri yapita. Kenako akufunsa Zuze ngati amadziwa kuwerenga. Iye akuti ayi. "Zvakanaka, zili bwino," akutero, "ndinu amene ndikufuna." Jasi likumukwana, galu ameneyu.

Lamulungu
Kutchalitchi palibe wanditcha Pulofesa, kupatula Zuze, kawiri. Amake Rozi amasula katundu, wailesi yabwerera pashelefu. Sakundiyankhula, koma ndiwo andiikira zambiri. Mawa ndikubwerera ku fodya. Kumeneko mizere siwerengedwa, imangotha. Zikhomo zanga zinali zowongoka, zimenezo ngakhale a Dokotala avomera. Koma zoti matimati adzatchedwa dzina langa, kope langa iwe, sananene. Ndinawonjezera ndekha Lolemba, jasi litandikwera kumutu.