Mlungu Wofunafuna Imfa ya Atate M'mabuku a Boma

Lolemba

Holide yatsala mlungu umodzi, ndipo ndatsimikiza mtima: pofika Lachisanu chikalata cha imfa ya atate chikhala chili m'manja mwanga. Kenako nyumba yathu ya ku Nangongwe, kuno ku Kafue, ilembedwe m'dzina la amayi. Basi.

Chandidzidzimutsa ndi za Bana Chanda a kuseri kwathuku. Mwezi watha abale a malemu amuna awo anawatulutsira katundu panja, mpaka mbaula ili ndi moto, chifukwa pepala la nyumba linalibe dzina lawo. Atate anamwalira zaka ziwiri zapitazo. Ine nthawi imeneyo ndinali ku Kitwe ndi khanda la masiku asanu, ndinangofika tsiku loika. Za mapepala anayendetsa ndi amayi pamodzi ndi atate aakulu, akulu awo a atate, amene amawedza ku Chanyanya.

Ndagula foda ya pulasitiki ndi mabolopeni awiri, yabuluu ndi yofiira. Ndine mphunzitsi ine, mapepala sandiopsa.

Ku ofesi ya kaundula bambo wa pawindo, wa tayi yobiriwira, wandilembera zofunika:

chitupa cha womwalira
pepala la dokotala lonena matenda amene anawatenga
chilolezo choikira maliro
chitupa changa

Zinayi zokha! Ndatuluka ndikumwetulira ndekha mumsewu.

Kunyumba amayi akuti mapepala onse anadyedwa ndi chiswe. Onse? Onse. Akuti ndizisiye zimenezi, palibe amene wabwera kudzatithamangitsa. Atatero ayamba kusesa pabwalo pomwe anasesa kale m'mawa. Palibe kanthu, kuchipatala amasunga mabuku.

Lachiwiri

Chipinda cha mabuku akale chili kumbuyo kwa chipatala, kupitirira kochapira. Mayi wosunga mabukuwo ndi waulemu, wandipatsa mpando wake. Tsiku ndikulidziwa, wodi ndikuidziwa. Watsegula chibuku chachikulu, akutsika ndi lula mzere ndi mzere.

Yotamu Tembo mulibe.

Tayang'ana dzulo lake, mawa lake, mlungu wonsewo. Mulibe! Nanga tinaika ndani?

Kenako akuti pali Tembo wina tsiku lomwelo. Mwamuna wachikulire, wa ku Nangongwe, nambala ya nyumba ndi yathu yomwe ija. Dzina lake Zakeyo Tembo.

Zakeyo Tembo ndi atate aakulu. Loweruka lapitali anatitumizira nsomba zouma, zina tinadyera nshima dzulo.

Ndaseka kwambiri. Ndamufotokozera mofatsa, monga ndimachitira ndi ana anga a giredi folo, kuti wolemba anasokoneza womwalira ndi woperekeza wodwala, ndiye tingodula mzere n'kulemba dzina loyenera pamwamba. Bolopeni yofiira ndinali nditaitsegula kale. Mayiyo waphimba tsambalo ndi dzanja.

"Ba madamu, ise tilemba vamene vili pa chitupa. Elo onani wamene anasaina."

Ndaona. Ndi dzanja la amayi, E wa dzina lawo uja wokhota ngati mbedza. Sindikukumbuka kuti ndafika bwanji pa siteshoni. Ndakwera minibasi yolakwika, ndazindikira tili kale ku mafakitale.

Amayi sindinawafunse kanthu. Mwina anasaina akulira, osawerenga. Munthu wofedwa amasaina chilichonse.

Lachitatu

M'mawa ndayamba kumanda, kukakopera nambala ya manda. Chitsulo chili chiimire, utoto woyera sunafufutike: Yotamu Tembo, usani mumtendere. Mtima wakhala pansi pang'ono. Ndazula udzu, ndawauza atate kuti asadandaule, mwana wawo akonza zonse.

Ku khonsolo atsegula buku la manda. Nambala yomweyo. Zakeyo Tembo.

Mabuku awiri, maofesi awiri, alembi osadziwana. Ndapempha madzi akumwa.

Kunyumba ndapeza amayi akusadza chibwabwa pakhonde. Ndakhala pansi, ndaika foda pamiyendo pawo, ndawafunsa kuti ali kumanda uja ndani. Sanadzutse mutu. Amaliza kaye tsamba limene anali nalo m'manja, apukuta manja pachitenje, alowa kuchipinda. Ndikumva thiranki ikukhwekhwerezedwa kuchokera pansi pa bedi.

Chiswe cha kwathu n'chaulemu. Sichinalumeko ngakhale kona ya pepala limodzi.

Pepala la dokotala, Zakeyo. Chilolezo cha maliro, Zakeyo. Khadi la ku fakitale ya feteleza kumene atate anagwira ntchito mpaka kupuma, Zakeyo. Pepala la nyumba imene ndinabadwiramo ine, Zakeyo! Chitupa nacho chimodzimodzi, ndi chithunzi chofufutika cha mnyamata wa tsitsi lalikulu amene angakhale aliyense. Limodzi lokha ndi limene likuwadziwa atate anga: kalata ya ukwati ya kutchalitchi. Pamenepo ndi Yotamu.

Tsopano ndakumbuka. Anzawo a kuntchito akabwera kudzacheza ankaitana kuti "Ba Zedi!" Zaka zonsezi ndinkaganiza kuti ndi dzina lamacheza, osadziwa kuti ndi Z wa Zakeyo.

Amayi akuti si iwo anayambitsa, anazipeza zili choncho. Akuti ndipite ku Chanyanya akandiuze eni ake dzinalo.

Lachinayi

Minibasi, fumbi, kenako njinga yobwereka mpaka kumtsinje. Msana wanga!

Womwalira ndamupeza atakhala pabwato lozondotsa, akusoka ukonde. Wanenepa kuposa kale. Ndagwada, ndapereka moni, koma maso akukana kuchoka pa iwo. Afunsa ngati ali ndi mamba kumaso.

Ndawaonetsa mapepala. Sanadabwe ngakhale pang'ono. Aseka mpaka kutsokomola, akuti ankadziwa kuti mwana wa sukuluyu tsiku lina adzafukula.

Nkhani yake ndi iyi. Iwo ndi amene anayamba kubwera ku Kafue kuchokera kwathu ku Katete, nalembedwa ntchito ku fakitale. Anagwira miyezi iwiri yokha. Fungo la kumeneko linkawadwalitsa mutu, ndipo belu lolowera ntchito sankagwirizana nalo. Nthawi yomweyo atate anali atangofika, kamnyamata kosakwana zaka zotengera chitupa, kalibe ntchito, kakugona pansi. Awiriwo ankafanana ngati madontho. Ndiye tsiku lina atate aakulu anavula ovolosi, nawapatsa ang'ono awo pamodzi ndi chitupa ndi nambala ya ntchito, iwo n'kutsikira kumtsinje. Kapitawo anangoti Tembo waonda.

Ankati n'zamwezi umodzi. Atate anakhala Zakeyo mpaka kupuma ntchito.

Ndawafunsa kuti nanga iwo amayenda ndi chiyani. Avula chipewa, atulutsa kapulasitiki m'kati mwake. Chitupa, nkhope yawo, ndevu zawo. Dzina: Yotamu Tembo. Akuti zaka zitapita anafuna chitupa, dzina lawo linali kuntchito, la ang'ono awo linkangokhala. Analitenga.

Ndakhala pamchenga ndi siketi yanga yopitira ku ofesi. Ndiye kuti kwa boma atate anga ali moyo, ali ku Chanyanya, ali ndi mkazi wina ndi ana asanu ndi mmodzi. Amayi si amasiye. Mwini nyumba yathu anamwalira, ndipo ndi ameneyu akundifunsa ngati ndidya nsomba yowotcha kapena yophika.

Akazi awo, amayi aakulu Ba Mutinta, anali akuwamba nsomba chapafupi, akumva zonse. Abwera ndi utsi m'maso, akuti iwo anakwatiwa ndi Zakeyo, ndiye ngati Zakeyo anamwalira, bwanji palibe amene anabwera kudzawapepesa zaka ziwiri zonsezi?

Ndadya yowotcha. Sindinamve kukoma.

Lachisanu

Lero ndi tsiku limene ndinati chikalata chikhala m'manja.

Ndabwerera kwa bambo wa tayi yobiriwira. Zinthu zinayi zija zili mu foda, zokwanira, zogwirizana bwinobwino. Wazisanthula, wandiyamikira kuti anthu ambiri sabwera okonzeka chonchi. Wandipatsa fomu. Akuti ndingolemba, ndisaine, iwo ayambe ntchito.

Ndaigwira bolopeni, koma sindinalembe. Ndikalemba Zakeyo, ndapha munthu wamoyo ndi dzanja langa, ndipo amayi, amene kalata yawo ya ukwati ikuti Yotamu, sakhala ndi gawo panyumba ya Zakeyo. Olowa m'nyumbayo angakhale ana a ku Chanyanya. Ndikalemba Yotamu, palibe pepala lililonse lovomereza kuti anafa.

Ndamufunsa motsitsa mawu kuti ndili ndi mnzanga, mnzanga chabe, amene atate ake anasinthana mayina ndi mbale wawo kalekale. Waika bolopeni yake pansi. Akuti zoterozo zimafunika kulumbira pamaso pa a khoti, ndipo onse awiri abwere.

Ndati mmodzi sangathe kubwera.

Akuti ndiye wotsalayo abwere yekha ndi mboni zachikulire, adzanene ndi pakamwa pake kuti wakhala akuyenda ndi dzina la mwini. Koma adziwiretu kuti nkhani ya chitupa si yamasewera, ikhoza kudutsira kupolisi. Wandiyang'ana nthawi yaitali.

"Mukamuuze uja munzanu, ba madamu, asalembe kalikonse pa fomu iyo asanakambe na ba kunyumba."

Ndathokoza m'malo mwa mnzanga.

Loweruka

Atate aakulu abwera ndi minibasi yoyamba, atavala jekete imene anavala pa maliro a atate. Amayi aakulu ali pambuyo ndi thumba la nsomba. Takhala m'nyumba anayi, chitseko chotseka.

Ndafotokoza zonse mwadongosolo. Nditangotchula polisi, atate aakulu ayamba kuyang'ana pawindo. Akuti iwo sanabe kanthu, anangobwereka dzina la mng'ono wawo wa bere limodzi. Akuti alamu asaope, palibe mwana wawo amene angaponde pano kudzalanda nyumba iwo ali moyo. Amayi aakulu awafunsa kuti ali moyo papepala liti.

Kenako amayi alankhula, koyamba mlungu wonse uno osayang'ana kumbali. Akuti atate, ali m'chipatala masiku omaliza, anawapempha chinthu chimodzi: asadzalole kuti akulu awo amangidwe chifukwa cha ntchito imene inalera ifeyo. N'chifukwa chake anasaina. Akuti atate dzina lobwerekalo linkawalemera. Kuntchito Zakeyo, kubanki Zakeyo, kuchipatala Zakeyo. Atangokwatirana anawapempha amayi kuti m'nyumba muno aziwatchula dzina lenileni, ngakhale anthu aziti mkazi wopanda ulemu.

"Ndinali ndekha wowaitana Yotamu tsiku ndi tsiku. Mpake ndinalilembetsa pachitsulo chija, ngakhale buku linene zina."

Ine ndinkamva amayi akuitana choncho kuyambira ndili mwana, ndinkachita nazo manyazi pamaso pa anzanga. Ndatuluka kukayang'ana madzi a tiyi amene sanali pamoto.

Pobwerera ndapeza atate aakulu akupukuta m'maso ndi chipewa. Akuti apita kukalumbira. Apita ndithu, nyumba ikhale ya alamu. Ndinatsala pang'ono kuwakumbatira. Ndafunsa ngati tingapite Lolemba m'mawa ndisanalowe m'kalasi.

Akuti ayi, mu Disembala. Boma likatseka zowedza. Nthawi imeneyo ngakhale atawatsekera sataya kanthu.

Ino ndi Ogasiti!

Lamlungu

Chikalata palibe. Fomu ili mu foda, yoyera mbee, ndakanika pa mzere woyamba weniweni, dzina la womwalira. Foda ili m'thiranki, thiranki yabwerera pansi pa bedi. Mawa sukulu.

Tapita kutchalitchi tonse anayi. Amayi kumanzere kwanga, mwamuna wawo wa m'buku la boma kumanja, mkazi wa malemu pambali pake akuimba mokweza kuposa kwaya. Ndasiya kuganiza. Disembala afike.

Titabwerako atate aakulu apempha kuona pepala la dokotala lisanatsekeredwe. Akuti munthu ayenera kudziwa chimene chinamutenga. Aliika patali ndi maso, alephera, andipatsa kuti ndiwawerengere. Ndawauza kuti palembedwa matenda a shuga ndi kuthamanga kwa magazi. Agwedeza mutu pang'onopang'ono, akuti n'chifukwa chake masiku ano amatopa msanga akamapalasa.

Amayi abweretsa tiyi. Atate aakulu, amene moyo wawo wonse amathira masipuni anayi a shuga, aphimba kapu ndi dzanja.

"Musathire wambiri, alamu. Kasipuni kamodzi kakwana."