Dzanja la Barsomo, Dzina la Wina

M'tauni yathu yonse ya Midyat munalibe pepala limene Aphunzitsi Barsomo analilembapo lili chilili. Ankayamba aligoneka cham'mbali, n'kumatsitsa mizere ya Chisiriya, chilankhulo cha makolo athu, kuchokera pamwamba kupita pansi, monga ankachitira amonke akale. Akamaliza ankalitembenuza, mawu n'kuyenda bwinobwino kuchokera kumanja kupita kumanzere, okongola ngati ndolo za osula siliva a mumsika mwathu.

Pa ukwati wawo anagoneka buku la tchalitchi, wansembe n'kupendeketsa khosi pofuna kuwerenga mpaka linauma sabata yathunthu. Ku ofesi nako anachita zomwezo.

"Bambo, pepala la boma saligoneka!" anakalipa kalaliki.

"Bwanji? Mwini wake amagona chaka chonse, ndani anamudzutsapo?"

Ndiye chilimwe china kunabwera Shabo, mwana wa mlongo wawo, wochokera ku Sweden, atanyamula kompyuta ndi ulemu wobwereka.

"Amalume, chilembo chathu chilichonse chili ndi nambala yake tsopano. Makina a dziko lonse akuchizindikira."

"Nambala? Zilembo zimene tinabatizidwa nazo zasanduka akaidi?"

"Ayi, amalume. Nambalayo ndi mafupa chabe, ilibe nkhope. Tikufuna dzanja lanu liziveke. Aliyense wolemba Chisiriya azidzasankha zilembo zotchedwa Barsomo."

Apa m'pamene anawakola. Barsomo analibe mwana, analibe munda wa mpesa. Anali ndi dzanja lokhalo, ndipo ankafuna dzina lawo litsalire pamenepo.

Analemba miyezi itatu. Chilembo chilichonse anachilemba chikakhala kumayambiriro kwa liwu, pakati, kumapeto, ndiponso chili chokha ngati mkazi wamasiye. Tiyi ankazizira, inki ikutha. Tsiku lina Shabo atatuluka kukagula mkate, anabwerera n'kupeza kompyuta yagonekedwa pa tebulo, yatsamizidwa ku mtsuko wa bulgur, tirigu wathu wokonola.

"Amalume, mwaitani?"

"Ndikuiphunzitsa khalidwe. Iwe ndinalephera, mwina iyi imva."

Chaka chitatha, uthenga unafika kuti zilembo zatuluka. Barsomo anavala jekete la pa Pasaka, natitengera tonse kwa mwana wa wansembe kuti tikaone pa makina ake. Zilembo zinalidi zawo, mchira uliwonse, kupindika kulikonse. Koma pamwamba panalembedwa dzina lakuti Gawriye.

Gawriye! Ine ndinaphunzira naye kalasi imodzi. Munthu amene Barsomo anamuthamangitsa kawiri chifukwa cholemba ngati nkhuku yaponda inki! Lero ali ndi malo asanu ogulitsira pitsa ku Sweden, ndipo ndiye anagulira Shabo ndi anzake makina, iwo n'kumulipira ndi dzinalo.

Barsomo anaimba foni, ife tikumva.

"Shabo, dzina langa lili kuti?"

"Lilimo, amalume, m'kati mwenimweni, pa mawu othokoza. Mukatsegula apa, kenako apa…"

"Ndiye kuti mwandiika m'manda ndisanafe."

Barsomo sanakalipe. Zimenezo n'zimene sindidzamukhululukira Shabo. Munthu amene ankakalipira ngakhale mbuzi m'Chisiriya cha m'mabuku anangopinda jekete lake, n'kupita kwawo. Kuyambira tsikulo sanagonekenso pepala. Anthu akabweretsa makalata a ubatizo kuti awalembere, ankawabweza. "Pitani kwa Gawriye," ankatero, "ali ndi dzanja labwino masiku ano."

Barsomo anamwalira mphesa zisanapse. Shabo sanabwere, anangotumiza mawu oti alembedwe pa mwala, ndipo wosema miyala anawadula ndi makina. Nditamufunsa wosemayo kuti wagwiritsa ntchito zilembo ziti, anandiyankha monyadira: "Za Gawriye, bambo. Palibe zokongola kuposa zimenezi."

Ndinatsala pang'ono kumuponya m'manda momwemo.

Lero ana athu amatumizirana Chisiriya pa foni kuchokera ku Sweden mpaka ku Australia, ndipo sindikana, n'chinthu chabwino. Koma m'tauni muno mapepala onse ali chilili, ndipo palibe khosi la wansembe limene limauma. Ndikapita kumanda ndimaima pambali pa mwalawo, n'kupendeketsa mutu mpaka mizere itatsika kuchokera pamwamba monga ankaitsitsira mwini wake. Odutsa amati mdalayu wapenga. Ndimawaitana mmodzimmodzi, n'kuwalozera zilembozo ndi ndodo.

"Werenga. Dzanja ili ndi la yani?"

Akati la Gawriye, sindiwalola kuchoka.